Kodi kuugwira mtima ndi kunyengerera mabwana? Yankho kwa mayi wogwira ntchito m'boma

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene akugwira ntchito m'boma m'chigawo chathu chino cha Kum'mawa kuno ku Zambia, ndipo andilola kuti ndiwayankhe poyera, bola ndisatchule dzina lawo kapena ofesi yawo. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi: agwira ntchito zaka 6, ali ndi digiri, mafayilo sagona pa tebulo lawo, koma pamene ankadzaza fomu ya APAS, younikira kagwiridwe ka ntchito chaka ndi chaka, pamodzi ndi abwana awo, anauzidwa kuti ntchito amaidziwa ndithu, vuto ndi mtima wapachala, choncho aphunzire chimene pa Chingerezi amati emotional intelligence. Iwo akufunsa ngati mawu amenewa si njira chabe youzira anthu kuti azisekerera mabwana ndi kumeza zonse osayankha.

Amayi, kukayika kwanu ndikukumvetsa, chifukwa alipodi mabwana amene amatola mawu apamwamba pa semina n'kuwasandutsa chotsekera pakamwa pa wantchito wonena zoona. Komabe mawuwo pa okha satanthauza zimenezo. Akatswiri awiri a za maganizo a ku America, a Peter Salovey ndi a John Mayer, ndiwo anawalongosola m'chaka cha 1990, ndipo anafala dziko lonse kuyambira 1995 kudzera m'zolemba za a Daniel Goleman. Chimene ankanena ndi luso lozindikira zimene zikuchitika mumtima mwako panthawi imene zikuchitikayo, kuzindikiranso zimene zili mumtima mwa mnzako, ndi kuchita zinthu moganizira zonse ziwiri. Agogo athu analibe dzina limodzi la luso limeneli, koma ankamudziwa munthu wougwira mtima, ndipo pa bwalo la milandu kwa anyakwawa ndi munthu wotere amene ankapatsidwa mpata woyamba kulankhula zinthu zikatentha.

Wantchito wa boma amafunika luso limeneli kuposa wogulitsa pa msika, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Mukapita ku msika wa Kapata wogulitsa tomato n'kukuyankhani mwachipongwe, mumangosuntha n'kukagula pa benchi ina. Koma munthu wofuna chitupa cha unzika cha NRC, wotsata penshoni ya malemu amuna ake, kapena mlimi amene dzina lake silikuoneka pa mndandanda wa FISP, thandizo la boma la feteleza ndi mbewu, alibe benchi ina yoti apiteko. Ali ndi inu nokha. Chowawa n'chakuti nthawi zambiri chimene chamuchedwetsa sichili m'manja mwanu, pakuti ndalama ndi zilolezo zimachokera ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera kuno ku Chipata, ndipo netiweki ikavuta simungaikonze ndinu. Chotsala m'manja mwanu ndi kanenedwe ka mawu akuti "sizinatheke" kapena "sizinafike", ndipo ine ndimaona kuti gawo lalikulu la ntchito ya pa kauntala lagona pamenepo.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine ndili wamng'ono pa ntchito, mu ofesi ina imene sinditchula. Tsiku lina masana, kukutentha kwa mu Okutobala, kunabwera mdala wina wochokera kumudzi wakutali, mapepala ake atawakulunga mu pulasitiki n'kumanga ndi kachingwe ka mphira. Fayilo yake inali isanabwere, ndipo ine, osadzutsa ngakhale mutu, ndinangoti, "Mubwere mawa." Mdalayo sanakalipe. Anavula chipewa, n'kukhala pansi pa simenti pafupi ndi chitseko, kenako anandifunsa mwaulemu kuti, "Mwana wanga, nanga lero ndigona kuti?" Ndalama imene anali nayo inali ya ulendo umodzi wokha wobwerera. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti ndinkadziwa bwino lomwe kuti fayiloyo sifika mawa, mwinanso sifika mwezi umenewo, koma mawu akuti "mawa" anali njira yanga yochotsera munthu pamaso panga kuti ndisaone nkhope yake ikugwa. Ndikanamuuza zoona, n'kulemba nambala ya foni ya mdzukulu wake kuti ndidzamuitane zikafika, akanabwerera kwawo tsiku lomwelo ali wokhumudwa koma wosanamizidwa.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna muone kuti luso limeneli silifanana ndi kunyengerera. Wonyengerera amanena zokoma pofuna kudzipulumutsa yekha, monga ndinachitira ine. Wougwira mtima amapirira kuwawa konena zoona, n'kuzinena mwa njira yoti womvayo atsale ndi ulemu wake komanso adziwe chochita.

Mwalemba kuti anthu ena amafika kale atakwiya, ndipo inu simungalole kunyozedwa pa ntchito yanu. Sindikukuuzani kuti mulole. Koma zaka zandiphunzitsa kuti mkwiyo wambiri wa pa kauntala ndi mantha ovala jekete. Taganizani za chaka cha 2024, pamene chilala chinapsereza chimanga mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse. Mayi amene ankakuwa chifukwa dzina lake lasowa pa mndandanda wa chithandizo sankadana ndi kalaliki ayi, ankaona nkhokwe yopanda kanthu ndi ana kunyumba. Chimodzimodzi kuyambira 2022, pamene ndalama za chitukuko cha m'madera, za CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, anthu ofuna mabasale, ngongole ndi thandizo la makopaletivu anachuluka m'maofesi, ndipo si onse amene angalandire. Mukayankha mawu okuwawo, mkangano umakula. Mukayankha manthawo, mwina pomupatsa mpando, kumufunsa kumene wachokera ndi kumufotokozera pamene pepala lake lafika, kawirikawiri mawu amatsika okha. Wotukwana weniweni aliponso, ndipo ameneyo mumuuze modekha kuti mumuthandiza akasiya kutukwana, osamubwezera.

Mbali yovuta kwambiri ndi mtima wanu womwe. Tonse tikudziwa mmene pepala la malipiro limaonekera ngongole zikadulidwa, ndiponso mmene munthu amafikira ku ofesi atasiya wodwala kunyumba. Zimenezi sizitsala pa geti. Phunzirani zizindikiro zanu: ena amayamba kulankhula mofulumira, ena amasiya kupereka moni, ena amamenyetsa chidindo pa tebulo. Ine changa chinali kuyankha munthu asanamalize kulankhula. Mukaona chizindikirocho, imani pang'ono, mukamwe madzi, ndipo uthenga wa pa WhatsApp ya ku ntchito umene mwalemba mtima uli m'mwamba musautumize tsiku lomwelo. M'boma anthu amasamutsidwa, lero Katete, mawa Lundazi kapena Vubwi, ndipo amene munamunyoza ali kalaliki mudzamupeza ali bwana. Akuluakulu sananame pamene anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Palinso msampha wina umene ophunzitsa za luso limeneli satchula kawirikawiri. Kuno kwathu aliyense ndi wachibale wa wina, ndipo mtima wachifundo ukhoza kukulowetsani m'katangale mosadziwa, pamene amalume kapena akulu a mpingo akupemphani kuti pepala lawo lidumphe mzere. Gawo 173 la Malamulo Oyendetsera Dziko, monga anakonzedwera mu 2016, limafuna kuti ntchito za boma ziperekedwe mosakondera. Kukana amalume popanda kuwachotsa ulemu, n'kudzakhalabe nawo pamodzi pa maliro kapena pa Kulamba ku Mkaika, ndi mayeso aakulu a luso limeneli kuposa kusekerera bwana aliyense.

Pa za kukwezedwa pa ntchito, sindikunamizani. Pamafunika malo opanda munthu, mapepala oyenera ndi chilolezo cha komishoni yoona za ntchito yanu, ndipo alipo odekha ambiri amene apuma pa ntchito ali pa mpando umodzimodzi. Chimene ndaona n'chakuti bwana akamasankha woti agwirizire udindo, kapena woti akaimire ofesi pamaso pa mafumu, amaganiza kaye za munthu amene sakayatsa moto kumeneko.

Tsono bwererani kwa abwana anuwo, osati pa gulu koma pa awiri, muwapemphe kuti akutchulireni tsiku limodzi kapena awiri pamene anaona mtima wapachalawo. Akatchula, mvetserani mpaka amalize musanadziteteze, ngakhale magazi akuwira. Akalephera kutchula ngakhale limodzi, mudzadziwa kuti mwina nkhani si mtima wanu, ndipo pamenepo muwapemphe mwaulemu kuti mawuwo asalembedwe pa fomu popanda chitsanzo.