Nthabwala ndimalemba ndine, koma ndalama zimapita kwa ena

Funso: Ndimagwira ntchito m'sitolo ina ku Limbe, koma kwa nthawi yaitali ndakhala ndikulembera gulu lina la zisudzo timasewero toseketsa, ndipo Loweruka ndimayendetsa perekaniperekani pa maukwati. Gululo limangondipatsa ya sopo, ngakhale kuti timasewero tangato timaonetsedwa mobwerezabwereza. Kodi ndisiye ntchito kuti ndizidalira luso langali? Wowerenga wa ku Bangwe.

Yankho: Achimwene, ntchitoyo musaisiye kaye, chifukwa vuto lanu si kuchepa kwa nthawi koma kuti katundu wanu mukumupereka popanda mtengo. Amalawi amalipira kuti aseke, ndipo Izeki ndi Jakobo anasonyeza kuti anthu amadzaza holo chifukwa cha nthabwala za m'Chichewa. Koma amene amadziwika ndi woima pa siteji, pamene wolemba amaiwalika ngati sanadziteteze yekha.

Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limateteza sewero lolembedwa, ndipo umwiniwo umapitirira mpaka zaka 50 mwiniwake atamwalira. Chimene sichitetezedwa ndi ganizo chabe limene mwangolikamba pocheza. Choncho kasewero kalikonse muzikalemba, muikepo dzina lanu ndi tsiku, ndipo mupite ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, mukafunse za kulembetsa ngati membala. Mukatero, khalani pansi ndi atsogoleri a gululo mulembe mgwirizano wonena momveka kuti mukuwabwereka sewerolo kwa nthawi yakuti, m'malo akuti, ndipo kuti akafuna kulijambula ndi kuliika pa YouTube, pa Facebook kapena kuligulitsa ku wailesi ya kanema, pakhale malipiro ena. Kugulitsiratu umwini wonse pa mtengo umodzi sindikulimbikitsa, pokhapokha ndalamayo ikhale yaikulu ndithu, chifukwa sewero likatchuka simudzakhalanso ndi ponenera. Ndikudziwa kuti kutulutsa pepala pamaso pa anzanu kumaoneka ngati kusakhulupirirana, koma magulu ambiri amapasuka chifukwa cha ndalama zimene sizinakambidwe poyamba.

Pa nkhani ya malipiro, sankhani mtengo wokhazikika pa chionetsero chilichonse m'malo modikira gawo la ndalama za pakhomo. Ndalama za pakhomo zimayamba zalipira holo, zokuzira mawu, achitetezo, zolengeza, mayendedwe ndi chilolezo cha bungwe la Censorship Board, ndipo mvula ikagwa kapena tsikulo kukakhala mpira waukulu, wolemba ndiye amabwerera chimanjamanja.

Ntchito ya pa maukwati ndi imene ingakudyetseni msanga. Muzilandira theka la ndalama ngati chikole pa tsiku lopangana, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo yotsalayo ilowe mwambo usanayambe, osati madzulo a komiti akamawerenga za m'mbale. Musamangenso mtengo wa ukwati umene uli kutali miyezi yambiri popanda mpata wousintha, popeza aliyense akukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka m'chilimwe anthu akakolola, koma kuyambira Januwale mpaka Malichi ndalama za mabanja zimathera ku fizi ndi ku chakudya, ndiye gawo la zimene mwapeza m'chilimwe lizikhala ku banki kapena ku banki mkhonde.

Makampani ndi mabungwe amalipira bwino kuposa mabanja, koma amafuna invoisi (chikalata choitanitsira malipiro), nambala ya wolipira msonkho (TPIN) ya ku bungwe lotolera msonkho la MRA ndi akaunti ya ku banki, ndipo amadula msonkho asanakulipireni, choncho muzipempha chikalata chosonyeza kuti msonkhowo unadulidwa. Tsegulani kope lolembamo zolowa ndi zotuluka za luso lanu lokha kwa miyezi 12 yathunthu. Ngati phindu la chaka chonsecho, kuphatikizapo miyezi ya mvula, lapitirira malipiro a m'sitolo, ndipo mwasunga ndalama zokwanira lendi ndi chakudya kwa miyezi 6, pamenepo mukhoza kulemba kalata yotsanzika kwa abwana anu.