Dazi la muimba si matenda

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo waona muimba pa kanema wa zanyama, ndiye akufunsa ngati mbalameyo idasosoka nthenga chifukwa chodwala, "poti ikuoneka yonyansa zedi".

Mayi, mwandiponda pachilonda. Tsitsi langa lidayamba kuthawa ndisanakwatire n'komwe, ndipo anzanga kuntchito adandipatsa dzina loti Muimba. Ankati ndikaweramira pa desiki, khosi kunja, mutu ukunyezimira, kumangotsala mapiko. Ndinkaseka nawo, koma chipewa sindinkavula ngakhale kutenthe bwanji.

Chidandivula chipewacho ndi miimba yeniyeni yomwe ndidaiona ili pa njati yakufa. Umodzi udalowetsa mutu pabowo la pamimba mpaka khosi lonse kubisika, n'kutulukamo uli psuu ndi magazi. Itakhuta, ina idapita kukasamba pachithaphwi, kenako n'kutambasula mapiko padzuwa. Mutu wa nthenga zambiri ukadauma liti, nanga ukadanunkha bwanji? Dazilo limathandizanso pa kutentha: kukazizira muimba umabweza khosi m'nthenga za m'mapewa, dzuwa likaswa mtengo umalitulutsa kuti thupi lipole. Umboni wina ndi muimba womwe umakonda zipatso za kanjedza wa mafuta. Uwo sulowetsa mutu m'mimba mwa nyama kawirikawiri, ndipo mutu wake uli ndi nthenga.

Mawu oti "yonyansa" ndiwo andiwawa, ndipo ndikuwakana. Asidi wa m'mimba mwa muimba ndi waukali kwambiri moti amapha tizilombo toyambitsa matenda a anthrax tomwe tingagwetse ng'ombe. Mbalame imeneyi ikamadya chovunda, matenda ambiri amathera m'mimba mwakemo. Ku India, m'zaka za m'ma 1990, ng'ombe zinkabayidwa mankhwala ochepetsa ululu otchedwa diclofenac. Miimba yodya mitembo yake inkafa ndi matenda a impso, ndipo mitundu ina idachepa ndi 95 peresenti n'kupitirira, boma lisanaletse mankhwalawo pa ziweto mu 2006. Mitembo idatsalira agalu osokera, iwo n'kuchulukana pamodzi ndi chiwewe chawo.

Ku Botswana, mu 2019, miimba 537 idapezeka itafa pafupi ndi mitembo ya njovu yothiridwa poizoni. Opha njovu mozemba amadana nayo chifukwa ikamazungulira m'mwamba imaulula pomwe pali mtembo. Ndiye kumbukirani kuti mitundu yambiri imaikira dzira limodzi lokha pachaka. Ikadakhala mbalame ya nthenga zowala ngati pikoko, dziko lonse likadalira maliro. Koma poti ndi yadazi, nkhaniyo idangodutsa. Anthufe timateteza chokongola, osati chothandiza, ndipo ine zimenezo zimandinyansa kuposa mutu wa muimba.

Nanga mwanayo mumuuze chiyani?

Muuzeni kuti muimbawo sukudwala, umabadwa choncho. Akayang'anitsitsa pa kanemayo aona kuti yambiri ili ndi timaubweya tofewa m'mutu ndi m'khosi, si dazi lenileni ngati langali.