Kodi akuba anachepadi nthawi ya Covid-19?

Mayi wina wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, wanditumizira imelo. Akuti apongozi ake amalimbikira kuti nthawi ya Covid-19 umbava unachepa chifukwa aliyense anali pakhomo, ndiye akufunsa ngati n'zoona.

Mayi, apongozi anuwo sakunama, kungoti akunena za kumsika ndi kumsewu. Malamulo a nthawi ya ngozi (estado de emergência) amene Pulezidenti wa nthawiyo Filipe Nyusi analengeza atayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 2020, mabaraka a mowa anatsekedwa ndipo chapa (minibasi) sinkaloledwa kudzaza anthu. Wopisa m'matumba amadya pamene pali chigulu, wothyola nyumba amadikira kuti eni ake achoke. Onsewa anasowa pogwira.

Koma taganizani za m'nyumba. Bambo geni yaima, ndalama palibe, kachasu akumwera pakhonde. Mkazi womenyedwa atuluka bwanji kukadandaula kupolisi womumenyayo ali pomwepo tsiku lonse? Sukulu zinali zitatsekedwa kale pa 23 Malichi, ndiye mtsikana amene aphunzitsi akanamufunsa chifukwa chojombera analibe womufunsa, ngakhale kuti lamulo loletsa kukwatiwitsa ana osakwana zaka 18 linali litakhazikitsidwa mu 2019. Buku la apolisi limalemba zokhazo zimene zafika patebulo. N'chifukwa chake ine ndikamva kuti milandu inatsika, ndimayamba ndafunsa kuti milandu yake iti. (Nambala ya 116 ya Linha Fala Criança, yonenera nkhanza zochitira ana, ndi yaulere, isungeni m'foni.)

Kwathu kuno palinso nkhani ya malire. Wa ku Angónia ali ndi abale, msika, mwina ndi munda womwe ku Dedza kapena ku Ntcheu. Kudutsa pazipata za Calómuè ndi Zóbuè kutavuta, anthu sanasiye kuoloka, anangolowa njira zam'tchire, ndipo wolandidwa katundu kumeneko sangakanene poti nayenso walakwa. Ozembetsa anthu analipo kale: pa 24 Malichi 2020 anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena pasikelo ya Mussacama, m'boma la Moatize. Chipata chikatsekedwa, anthu oterewa amangokweza mtengo.

Panalinso mlandu umene unakola anthu wamba, wa desobediência, kutanthauza kusamvera malamulo a boma. Mayi wogulitsa mowa chitseko chotseka, yemwe mu Febuluwale anali wageni chabe, pofika mu Epulo ankathawa akaona galimoto ya apolisi. Muwafunse apongozi anu ngati ameneyu akumuwerengera pa akuba.