Yankho kwa mayi a nkhuku a ku Chawama

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena a ku Chawama, komboni ya mu Lusaka. Anandilola kuwayankha poyera, bola dzina lawo lisatchulidwe. Ankaweta nkhuku zoyera za nyama, kuzipha, kuzisosola, kuziika m'firiji, n'kumaperekera azimayi ophika nsima kumsika. Mu 2024 magetsi atavuta, nkhuku za firiji yonse zinawola kawiri. Chaka chomwecho amuna awo anadwala, mpamba wonse unathera m'matendamo, ndipo bambowo anatisiya. Anatenga kaloba, nkhongole ya chiwongoladzanja chachikulu, wa K3,000 kuti ayambirenso, koma anapiye ambiri anafa ndi kuzizira. Ndalama ya chilimba, ija azimayi amasonkherana n'kumalandira mosinthana, anali atalandira kale, tsopano akulephera kusonkha. Achibale a malemu nawo ayamba kunong'onezana za nyumba. Kumapeto analemba kuti: "Foni ndimazimitsa. Kutchalitchi ndinasiya chifukwa amayi a chilimba timapemphera limodzi. Nthawi zina ndimaganiza kuti ana angakhale bwino popanda ine. Aliyense amangoti limbani mtima. Mtimawo umalimba bwanji? Kodi ine ndingadzukenso?"

Mayi, pepani ndi maliro a bambo. Munthu asakuuzeni kuti nthawi yolira inatha chifukwa tenti anaichotsa kalekale.

Ndiyamba ndi mawu aja okhudza ana, chifukwa andisowetsa tulo. Ana anu sangakhale bwino popanda inu. Ataya kale bambo. Maganizo amenewo amabwera munthu akasenza chisoni ndi nkhongole ali yekha kwa miyezi yambiri, osagona, osadya bwino, ndipo ndi matenda ochizika. Muuzeni munthu mmodzi lero lomwe, kaya mchemwali wanu kaya mayi busa, ndipo muwauze mawu enieniwo monga mwandilembera ine. Nambala ya 933 ya Lifeline ndi yaulere, mumalankhula ndi aphungu osakufunsani kuti ndinu mwana wa yani. Kukiliniki yanu nakonso auzeni anamwino kuti simukugona. Akakutumizani ku Chainama, kumene amachiza matenda a maganizo, musachite manyazi. Ife a mu Lusaka dzina limenelo tinalisandutsa chotukwanira, koma ndi chipatala, ndipo kumapita anthu oganiza bwinobwino amene mtima wawalemera.

Tsono za kulimba mtima. Ine ntchito yanga ndi yothandiza amalonda ang'onoang'ono kulemba mabuku a ndalama, ndipo ogwa ndawaona ambiri. Chimene chimawamaliza kawirikawiri si kuluza katundu. Ndi kubisala. Munthu akazimitsa foni, akayamba kuzungulira njira ya kuseri kuti asadutse pakantemba ka amene ali naye nkhongole, ndiye kuti watseka makomo onse amene thandizo likanalowera. M'kalata yanu, chimene chandiopsa kuposa K3,000 ija ndi chimenechi.

Mukukumbukira pa 4 July 2017, pamene City Market inapsa. Anthu anataya mabelo a salaula, makina osokera, ndalama zomwe ankasunga m'matebulo. Ena mwa amene ndinkawalembera mabuku anali m'gulu limenelo. Mayi ena ogulitsa madiresi a salaula, patangopita masiku ochepa, ndinawapeza m'mphepete mwa Lumumba Road atayala thumba la saka pansi, pamwamba pake pali madiresi owerengeka omwe mnzawo anawapatsa kuti agawane phindu. Maso anali otupa, chitenje chikununkhabe utsi, ndipo munthu akawapepesa ankayamba kulira pomwepo. Koma anali poonekera. Makasitomala awo akale anawapeza, ndipo amene ankawaoda belo atawaona tsiku ndi tsiku pamalopo anavomera kuwapatsa lina kuti azilipira pang'onopang'ono. Mtima wawo sunali wolimba m'pang'ono pomwe. Unalimba pambuyo pake, atagulitsa diresi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Miyezi ingapo itadutsa kolera inabuka, mu January 2018 asilikali n'kuchotsa onse ogulitsa m'misewu, odwala akugonekedwa ku Heroes Stadium. Mayi aja anavutikanso, koma ulendo uno anali ndi anthu owaimbira foni n'kuwauza kuti bweretsani madiresi kunyumba.

Chinthu china chimene muyenera kuchitula pansi ndi mlandu umene mukudzipatsa. Nkhuku zija sizinawole chifukwa cha uchitsiru wanu. Mvula ya 2023 mpaka 2024 inakanika, moti pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse. Madzi a ku Kariba, komwe kumachokera gawo lalikulu la magetsi athu, anatsika kwambiri, ndipo panali miyezi imene makomboni ambiri ankaona magetsi maola atatu okha patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Owotcherera zitsulo ku Kalingalinga, ometa tsitsi, a mabutchala, ogulitsa madzi oundana, onse analira nanu limodzi. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa zimene anthu amayamba kulankhula mavuto akatsatizana chonchi: mwalodzedwa, muli ndi minyama, pitani kwakutikwakuti akakusambitseni. Ine ndimapemphera ndipo ndikukupemphererani, koma ndalama yanu yotsalayo musaipereke kwa aliyense wolonjeza kuchotsa tsoka. Mulungu sagulitsa chifundo chake.

Tiyeni tikhale pansi ndi kaloba uja, pakuti ndi amene akukuyamwani magazi. Mwandiuza kuti munagwirizana K4,500 pakutha pa mwezi, ndipo mutalephera, munayamba kumapereka K1,500 ya chiwongoladzanja chokha mwezi uliwonse, kwa miyezi 4. Werengani: mwapereka K6,000 pa nkhongole ya K3,000, ndipo akuti K3,000 ija idakalipo yathunthu. Onaninso ichi. Nkhuku yoyera imafuna masabata pafupifupi 6 kuti ikwane kugulitsa, pomwe kaloba amafuna ndalama yake pa masabata 4. Ngakhale mwanapiye mmodzi akanapanda kufa, tsiku lobweza likanafika nkhuku zikudyabe. Kaloba ndi ulimi wa nkhuku siziyendera limodzi, ndipo aliyense amene akuwerenga pano ali ndi maganizo otenga kaloba wogulira anapiye amve zimenezi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musadikire kuti mwini kaloba abwere kudzanyamula firiji ana akuona. Pitani ndinu, masana, ndi mboni yaulemu wake, kaya mkulu wa mpingo kaya malume a ana. Lembani papepala tsiku lililonse limene munapereka ndalama. Ngati munkatumiza pafoni, mauthenga aja ndi umboni, musawafufute. Mukafika musakangane. Nenani kuti: ndalipira zakuti, sindikuthawa, koma chiwongoladzanja chiime pano, ndipo yotsalayo ndizipereka yakuti pa sabata. Mugwirizane polemba, aliyense asaine. Ambiri amavomera, chifukwa akudziwa kuti phindu adadya kale, komanso chifukwa lamulo la Money Lenders Act limafuna kuti wokongoza ndalama mwa bizinesi akhale ndi laisensi, ndipo khoti lili ndi mphamvu yodula chiwongoladzanja chopyola muyeso. Akayamba kuopseza, a Legal Aid Board alipo chifukwa cha anthu osakwanitsa kulipira loya. Zinthu ziwiri zokha ndikukuletsani: mapepala a nyumba musapereke chikole kwa munthu aliyense, ndipo musatenge nkhongole ya pafoni kuti mutseke ya kaloba.

Za amayi a chilimba ndi zosavuta kuposa mmene mukuziopera, ngakhale manyazi ake ndi aakulu. Amayi amenewo anabwera pamaliro, anaphika, anagona pansi nanu. Kuti mulibe ndalama akudziwa. Chimene chikuwapweteka ndi kukhala chete kwanu, chifukwa kumaoneka ngati munadya n'kuthawa. Pitani pamsonkhano wawo wotsatira ndi K50 m'manja, kapena K20 ngati ndi imene ilipo. Imirirani munene kuti ndinalandira, ndili ndi nkhongole kwa uje ndi uje, ndizibweza motere. Mudzalira, ndipo mmodzi kapena awiri adzalankhula mawu olasa. Alekeni, ndalama ndi yawo. Koma mukatuluka m'menemo mudzakhala mwapulumutsa dzina lanu, ndipo kwa wamalonda wa mukomboni dzina ndi limene limabweretsa katundu wa pangongole, kasitomala woyamba ndi munthu wokusungirani ana mukapita kukaoda. Mukatero Lamulungu lotsatira njira ya kutchalitchi yatseguka yokha.

Pa nyumba musagone. Bambo akamwalira osasiya wilo, lamulo la 1989 la Intestate Succession Act limagawa chuma motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi, 20 kwa makolo a malemu, 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Nyumba imene munkakhalamo ndi ya inu ndi ana, ndipo inu muli ndi ufulu wokhalamo moyo wanu wonse pokhapokha mutakwatiwanso. Amene anasankhidwa kuyang'anira chuma cha masiye ntchito yake ndi kugawa motsata lamulo, si mwini chuma. Wina akayamba kutulutsa katundu, ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, imene nkhani zolanda chuma cha amasiye ndi ntchito yake. Ndipo popeza mwati bambo anagwirapo ntchito pakampani, tengani chikalata cha imfa, ziphaso za NRC ndi mapepala a ana mupite ku NAPSA, bungwe la penshoni ya ogwira ntchito, mukafunse za ndalama ya maliro ndi ya otsala. Azimayi ambiri amasiye sapita n'komwe, poganiza kuti kumeneko n'kwa anthu ophunzira.

Tsopano malonda. Nkhuku mumazidziwa, makasitomala mumawadziwa, ndiye sindikuuzani kuti muyambe kugulitsa zina. Chimene chisinthe ndi chakuti firiji isakhalenso pakati pa inu ndi ndalama yanu. Ndipo kuweta kuyambe kwadikira. Lawirirani kumsika wa Soweto m'mamawa alimi akamatsitsa nkhuku zamoyo, mugule 5, mupite nazo kwa azimayi a nsima aja. Wofuna yosolasola mumuphere pomwepo, ndalama m'manja. Phindu pa nkhuku imodzi ndi lochepa, koma ndalama ikuzungulira tsiku lomwelo, ndipo nkhuku yotsala siwola, imangofuna madzi ndi gaga pang'ono. Mukafika pa 10 patsiku osatsala, mwayamba kupuma.

Mukadzafuna kubwerera ku khola, yambani ndi anapiye 25 kapena 50, osati 200. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 4 kuti ifike pogulitsa, ndiye anapiye 50 ndi matumba 4 a makilogalamu 50. Ndalama ya matumba onsewo ikhale ilipo musanakatenge anapiye, chifukwa ambiri amagwera pa sabata yachinayi, nkhuku zikamadya kwambiri thumba lili gwa. Masabata awiri oyamba mbaula ya malasha ikhale yokonzeka usiku uliwonse, makamaka mu June ndi July, koma mpweya uzilowa m'kholamo. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro musadumphe. Manyowa musataye, a madimba amagula.

Gulani kabuku ka K5 ka ana a sukulu. Tsamba lakumanzere zolowa, lakumanja zotuluka, ngakhale ya basi ndi ya pulasitiki. Ndalama ya nkhuku ikhale m'kachikwama kake, ya ndiwo m'kake, ndipo mudzipatse malipiro a tsiku m'malo momangotapa. Ndimaumirira za kabukuka chifukwa munthu amene ali m'chisoni mutu wake umamunamiza, umamuuza usiku kuti palibe chikuyenda. Kabuku kamakuonetsani kuti nkhongole inali K3,000, lero ndi K2,700. Chiyembekezo chimene ndachiona chikukhalitsa mwa amalonda ndi cha mtundu umenewo, chokhala ndi manambala ake.

Mudzamva anthu akukamba za ndalama za chitukuko cha m'madera, za CDF, zomwe boma linakweza kufika K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, ndipo mbali ina ndi ya magulu a azimayi ndi achinyamata. Mukabwerera m'gulu la anzanu, kafunseni kwa a komiti ya chitukuko ya m'wadi mwanu ndipo mulembetse. Koma zimatenga nthawi ndipo ofuna ndi ambiri, choncho musaimike malonda podikira.

Mwafunsa ngati mungadzukenso. Inde mayi, mungadzuke. Sizichitika mwezi uno, ndipo padzakhala masiku amene mudzagulitsa nkhuku zonse n'kukalirabe kuchipinda chifukwa munthu womuuza kuti lero zayenda palibe. Tsiku lotero si chizindikiro choti mwabwerera pansi. Ana auzeni zoona molingana ndi msinkhu wawo, kuti ndalama yachepa koma nyumba ndi yathu ndipo amayi akugwira ntchito. Ana amaopa kwambiri zimene akuziona koma palibe akuwafotokozera. Wamkuluyo mupatseni ntchito yolemba m'kabuku madzulo.

Mundilemberenso sabata ikubwerayi. Mundiuze amene mwamuuza za maganizo aja, ndalama zonse zimene munapereka kwa mwini kaloba ndi masiku ake, azimayi a chilimba amene atsala kulandira kwa inu, ndi mtengo umene mwapeza nkhuku yamoyo ku Soweto. Tikhala pansi tiwerengere limodzi kuti pa sabata mungakwanitse kubweza zingati popanda ana kugona ndi njala.