Za bezi ya Sire Marcus Miller V3: yankho kwa achimwene a ku Nchalo

Achimwene, mwafunsa ngati bezi ya Sire Marcus Miller V3 yakale, imene wina akugulitsa ku Limbe, ndi yoti mpingo uitayire ndalama, kapena mukangolipira dzina lolembedwa kumutuko. Gitalayi ndi yabwino kuposa mtengo wake, koma kuno kuchigwa zonse zagona pa khosi ndi mabatire.

Marcus Miller ndi katswiri wa bezi wa ku America, amene anatchuka ndi Fender Jazz Bass ya 1977. Kampani ya Sire inayamba kugulitsa mabezi a dzina lake mu 2015, ndipo amapangidwa ku Indonesia. Dzinalo palokha silitulutsa mawu ayi. Chimene mukugula ndi preamp ya Heritage-3, kachipangizo ka magetsi ka m'kati mwa gitala kokonza mawu, yomweyo imene ili mu Sire V7, bezi yawo yodulirapo. Pofuna kutsitsa mtengo anachepetsa pa thabwa la thupi, ma pickup (timaginito totola mawu a nsambo) ndi zitsulo zokungira nsambo. Mabezi ambiri a mtengo umenewu amakhala ndi voliyumu ndi tone basi, pamene iyi ili ndi bass (mawu a pansi), treble (a pamwamba), mid (a pakati), ndi kachitsulo kosankhira kuti mid agwire pati. M'tchalitchi cha malata, momwe mawu a pansi amangoti wuuu osamveka noti, kachitsulo kameneka n'kothandiza zedi: tsitsani bass pang'ono, kwezani mid, bezi imveka pakati pa kiyibodi ndi ng'oma popanda kukweza ampulifaya.

Preamp imadya mabatire awiri a 9V, kupanga 18V. Apa m'pamene ambiri amadandaulira. Chingwe chikangolowa mu jack, kabowo kake ka pa gitala, mabatire ayamba kutha, ngakhale palibe akuimba. Woimba akasiya gitala yolumikizidwa kuyambira Lamlungu mpaka tsiku la pulakatisi, musadabwe mawu akayamba kusasa ndi kuthetheka. Muzizula chingwe. Gulani a alkaline, musinthe onse awiri pamodzi, ndipo gitala ikakhala nthawi yaitali osaimbidwa achotseni, chifukwa pa kutentha kwathu kuno batire lotchipa limadontha n'kudya timawaya. Ubwino wake pali kaswichi ka active/passive: active imagwiritsa ntchito mabatire, passive imalira popanda mabatire. Mabatire akathera pakati pa nyimbo, mumangokagwetsa, gitala n'kupitiriza. Ngati pa imene mukufuna kugulayo mbali ya passive siikulira mabatire atachotsedwa, wina anasokonezamo mawaya, mtengo utsike.

Tsopano khosi, ndipo pano musathamange. Mu Okutobala ndi Novembala ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula kutentha kumapyola madigiri 40, kenako mvula n'kubwera ndi chinyezi chake. Mtengo umauma n'kufufumanso, khosi n'kumayenda. Gitala yochokera ku Blantyre kozizira ikatsika phiri kufika ku Thabwa, ipatseni sabata imodzi kapena ziwiri izolowere musanaikonze.

Yesani motere musanapereke ndalama. Kungani nsambo zonse bwinobwino. Dinani nsambo yaikulu ya E pa fureti (timizere ta chitsulo ta pakhosi) yoyamba ndi pa yomaliza nthawi imodzi, mnzanu ayang'ane mpata pakati pa nsambo ndi fureti ya 8. Ukhale pafupifupi mamilimita 0.3, kungokwana kapepala kolimba kamodzi. Mpata ukakula, khosi lapindikira kutsogolo ndipo nsambo zikhala patali, zopweteka zala. Nsambo ikagona pa fureti, khosi lapindikira kumbuyo ndipo mafureti oyambirira azingoti tswee. Zonsezi zimakonzeka ndi truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi: kumanja kuwongola, kumanzere kumasula, gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira basi, n'kudikira mpaka mawa. Mwini wake atembenuze pang'ono inu mukuona, ndi Allen key yokwana bwino. Chitsulocho chikakana kuyenda, kapena dzenje lake likakhala lodyeka, isiyeni gitalayo ngakhale atsitse bwanji. Chimodzimodzi mukaiyang'ana kuchokera kumutu n'kuona kuti khosi lapotoka, mbali ina yakwera ina yatsika. Chimenecho truss rod sichiza.

Khosi likakhala bwino, zotsalazo ndi ntchito ya ola limodzi. Pa fureti ya 12, nsambo ya E italikire mamilimita 2.5, ya G 2, pokweza kapena kutsitsa timipando ta pa bridge, chitsulo chogwira nsambo pa thupi la gitala. Ndi tuner, yerekezani nsambo yosadina ndi noti ya pa fureti ya 12. Ikakwera, kampando kabwerere m'mbuyo, ikatsika kapite kutsogolo. Ma pickup akhale mamilimita 2 mpaka 3 pansi pa nsambo yodinidwa pa fureti yomaliza, chifukwa akayandikitsitsa maginito amakoka nsambo, noti n'kumanjenjemera. Yendetsaninso chala m'mphepete mwa khosi. Nsonga za mafureti zikamabaya ndiye kuti mtengo unauma n'kunyala. Kafayilo kakang'ono kamathetsa zimenezo.

Phokoso la mmmm lisakuopseni msanga. Ma pickup a mtundu wa Jazz ndi single coil, ndipo imodzi ikamalira yokha imatola phokoso la magetsi. Ikani blend, kachitsulo kosakanizira ma pickup awiriwo, pakati kuti onse awiri alire mofanana, phokoso lichepa kwambiri. Likapitirira, kawirikawiri vuto si gitala koma jenereta kapena inveta ya sola yopanda earth, kapena chingwe chotchipa. Ndipo ngati nsambo zikukugwedezani ndi magetsi mukakhudza maikolofoni, zimitsani zonse, muitane wamagetsi. Zimenezo zimapha.

Thukuta ndi fumbi ndizo zimamaliza zitsulo kuno. Pukutani nsambo ndi nsalu youma mukamaliza kuimba, pansi pake pomwe. Mapoti, tizitsulo topotokola ta voliyumu ndi tinzake, akayamba kukhwekhwereza ndi fumbi, thiranimo contact cleaner, mankhwala otsukira za magetsi, osati mafuta a njinga. Nsambo za 45 mpaka 105 (manambala a kunenepa kwake) ndizo zoyenera pa ya nsambo zinayi, ndipo muwerengeretu mtengo wake pa bajeti pamodzi ndi mabatire, poti yakale imabwera ndi nsambo zakufa.

Nanga mabezi ena, monga Squier yopanda mabatire kapena Ibanez GSR? Ngati gitala izigwiridwa ndi achinyamata asanu osiyanasiyana, palibe woisamala weniweni, ya passive ndi yosavuta, ili ndi zochepa zoti n'kuwonongeka. Ngati pali woimba mmodzi wokhazikika wodziwa kuzula chingwe, V3 ikupatsani mawu ochuluka pa ndalama yomweyo. Zija zopanda dzina zonyezimira m'masitolo, zambiri khosi lake silipirira chilimwe chimodzi cha ku Nsanje.

Mukagula, mugulenso chikwama chokhala ndi siponji, ndipo mu minibasi gitala ikhale pamiyendo panu, osati kumbuyo pansi pa matumba. Kutchalitchi isagone pafupi ndi malata kapena pawindo la dzuwa, ndipo nyengo ya madzi osefukira, Januwale mpaka Malichi, muziikoloweka pamwamba, isagone pa simenti.