Mjigo wathu waipitsidwa: kodi anthu wamba tingachitepo chiyani?

Mayi wina wa m'mphepete mwa nyanja ya Malombe wandilembera imelo yofotokoza kuti madzi a pamjigo wa m'mudzi mwawo anayamba kununkha mvula itagwa yambiri, ana angapo anatsegula m'mimba, ndipo akuluakulu atabwera anangothira klorini mumjigomo n'kumapita. Akufunsa ngati pali chimene anthu wamba angachite kuti madziwo akonzedwe kwenikweni.

Mayi, chochita chilipo, koma muyambe mwadziwa kuti klorini amapha tizilombo tomwe tili m'madzi tsiku limenelo basi, sachotsa gwero la uvewo. Kuno ku Mangochi, makamaka m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire, nthaka ndi yamchenga ndipo madzi a pansi ali pafupi, kotero zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimalowerera mosavuta mpaka kufika pomwe mjigo umakoka madzi. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chizitalikirana ndi mjigo mamita osachepera 30, ngakhale kuti pamchenga mtunda umenewu nthawi zina umachepa. Simenti ya pamjigo ikang'ambika, madzi akuda a pamwamba nawonso amatsikira pansi. Ife amene tinaona kolera wa mu 2022 ndi 2023, yemwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo boma lathu la Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri, sitingaione nkhaniyi mopepuka.

Dandaulo lapakamwa limaiwalika msanga. Komiti ya pamjigo ilembe kalata, amfumu asainire, idutse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ya m'dera (ADC) mpaka ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo, ndipo kope lina musunge. M'kalatamo mupemphe kuti madzi akayezedwe ku labotale m'dzinja komanso m'chilimwe, poti madzi amatha kuoneka abwino mu Okutobala n'kuipanso mu Febuluwale. Muumirire kuti zotsatira akupatseni zolembedwa, chifukwa lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zomwe akufuna kudziwa ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuthandizeni ndi chiwerengero cha odwala.

Ngati uvewo ukuchokera ku malo ogona alendo kapena ogulitsira mafuta a galimoto, nkhaniyo ifike ku bungwe la MEPA, loona za chilengedwe, ndi ku bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority. Dziwani kuti mafuta sachoka m'madzi ndi klorini, choncho mjigo wotero uyenera kutsekedwa mpaka pakhale njira ina yopezera madzi.

Chimene chimavuta kwambiri n'chakuti kawirikawiri chimbudzi choipitsa madzicho chimakhala cha mnansi kapena m'bale wanu. Apa pamafunika amfumu akhalitse anthu pansi, mudzi uthandizane kukumba china kutali, chakalecho chikwiriridwe. Podikira zonsezi, madzi akumwa muziwawiritsa kapena kuthiramo mankhwala oyeretsera madzi a Waterguard, ndipo muziwasunga mu ndowa yovindikira.