Mvula ya pakati pa nyanja amaiyeza bwanji?

Mayi wina wa ku Matero wandilembera imelo. Akufunsa kuti a zanyengo amadziwa bwanji kuchuluka kwa mvula yogwa pakati pa nyanja yamchere poti kulibe munthu woiyeza, komanso kuti ife a ku Zambia, tilibe gombe, zikutikhudza chiyani.

Mayi, funso lachiwirili landikhudza mtima. Mu 2024 chimanga cha amalume anga ku Katete chinauma chitangoyamba kumasula. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku damu la Kariba anatsika, magetsi n'kumazimazima, kuno ku Lusaka tinabwerera ku mbaula, makala nawo n'kukwera mtengo. Amalume, omwe kale ankatitumizira thumba la chimanga pa basi, anayamba kupempha ufa kwa ife. Chinayambitsa zonsezi ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, kumene ambirife sitidzapondako. Nanga Freddy, namondwe amene anapha anthu mazanamazana kum'mwera kwa Malawi mu March 2023? Anayambira kufupi ndi Australia n'kuwoloka Indian Ocean yonse, masetilaiti akumutsatira. Wonena kuti za kunyanja n'za eni magombe, ine sindimumvera.

Kayezedwe kake

Chinthu chilichonse chimatulutsa timafunde tosaoneka ndi maso totchedwa microwave. Madzi a m'nyanja amatulutsa tochepa, choncho setilaiti imawaona ngati ozizira. Madontho a mvula amatulutsa tambiri, ndiye amaonekera ngati moto wa usiku pa dambo, ndipo akatswiri amawerengera mvula kuchokera pa mphamvu ya timafundeto. America ndi Japan anatumiza setilaiti ya TRMM mu 1997 ndi ya GPM mu 2014, zonse zoyezera mvula, zokhala ndi radar (chipangizo chotumiza mafunde n'kuwamva akabwerera) yothandizira kutsimikiza.

Koma pamtunda nthaka imatulutsa timafunde tambiri, mvula n'kubisika, moti akatswiri amadalira timiyala ta ayezi ta pamwamba pa mitambo. Ndiye kuti mvula ya ku Katete imavuta kuyeza kuposa ya pakati pa nyanja! N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti sukulu iliyonse ya kumudzi ikhale ndi chipangizo choyezera mvula, ana azilemba m'kope m'mawa uliwonse, aphunzitsi azitumiza manambalawo ku ofesi ya zanyengo pa foni.